Mayeso a mwana wa zaka zinayi

Chaka chilichonse sukulu zikamatsekera mu Julaye, m'misewu ya m'matauni mwathu mumadzaza tiana tovala mikanjo ndi zisoti za anthu omaliza maphunziro a ku yunivesite. Tianati tikuchokera ku sukulu zamkaka. Bambo akujambula pa foni, agogo akululutira, ndipo m'chikwama cha mayi muli kapepala konena malikisi amene mwanayo wapeza pa Chingerezi ndi pa masamu, ndiponso nambala imene wakhala m'kalasi mwake. Mkanjowo ndilibe nawo mlandu, kholo lililonse lili ndi ufulu wonyadira mwana wake. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi kapepalako. Mwana amene dzulodzuloli amayamwa chala wauzidwa kale, pamaso pa makolo ake, kuti m'kalasi mwake muli anzake ambiri omuposa nzeru.

Mukafunsa eni sukulu chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: "Tikuwakonzekeretsa ku pulayimale." Makolo nawonso amafuna zomwezo. Mayi amene akulipira fizi ndi ndalama ya geni ya tomato amafuna kuona kope lodzaza ndi zolemba, amafuna mwana azibwera ndi homuweki, azipereka moni m'Chingerezi alendo akafika pakhomo. Sindingamunyoze mayi ameneyu. Akudziwa zimene zikudikira mwana wake kutsogoloko: kalasi ya ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi, mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndi malo a ku sekondale amene sakwanira aliyense wokhoza. Kwa iye, kufulumizitsa mwana ndi kumutchinjiriza. Funso limene lili mumtima mwake ndi loona: kodi zimene mwana wanga akuchita kuno zidzamuthandiza akadzalowa Sitandade 1? Chimene ndikukana ine ndi yankho limene talilandira mothamanga, loti kulumikiza sukulu yamkaka ndi pulayimale ndiko kunyamula bolodi, kope ndi mayeso a Sitandade 1 n'kukazitula pamutu pa ana a zaka zitatu.

Ndinaphunzitsapo Sitandade 1 pa sukulu ina ya kumudzi, kotero sabata yoyamba ya chaka ndimaidziwa. Ana amafika atasamba ndi kudzola mafuta mpaka nkhope kunyezimira, ena m'yunifolomu yogulira kuti akule nayo, ena m'malaya a mkulu wawo. Lamulo limati mwana ayambe ali ndi zaka 6, koma pamzerepo pamakhala wa zaka 4 amene watsatira achemwali ake chifukwa amayi apita kumunda, pamakhalanso wa zaka 9 amene makolo anamusunga kaye kuti akule, azitha kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Pamene kalata yakubadwa palibe, ahedi ena amabwererabe ku njira yakale ija: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Akaligwira, alembedwe. Masiku atatu oyamba ndi a misozi. Wina akuthawira kunyumba nthawi yopuma, wina wadzikodzera chifukwa akuopa kupempha kupita kuchimbudzi, wina sayankha dzina lake chifukwa dzina limene lili m'kaundula si limene amamuitana kwawo.

Chaka china kunabwera kamtsikana kochokera m'tauni, kodzakhala ndi agogo ake. Kamatha kutchula manambala kuchokera pa 1 mpaka 100 m'Chingerezi mosajejema, moti ana a Sitandade 3 amabwera pawindo kudzamvetsera. Tsiku lina ndinakhuthula zitsekerero za mabotolo pamkeka n'kunena kuti, "Mwanawe, ndipatse zisanu." Kanandiyang'ana, kenaka kanatapa dzanja lodzaza n'kundipatsira. Pafupi nako panali kamnyamata kamene kanadutsa ku mkombaphala wa m'tchalitchi cha m'mudzimo, kosadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Iko kanakoka chitsekerero chimodzichimodzi ndi chala, milomo ikugwedera, mpaka zitakwana zisanu. Kenaka kanazigawa pawiri, kanati, "Izi zitatu nzanu, aphunzitsi, ziwirizi nzanga." Mtsikana uja sanali wogona m'mutu ayi, pofika kumapeto kwa chaka anali m'gulu la ochita bwino. Kungoti anamuphunzitsa nyimbo ya manambala, osati kuwerenga zinthu. Akanalemba mayeso a kusukulu kwake kuja akanakhoza zonse, ndipo mnyamata uja akanalephera.

Mphunzitsi wa Sitandade 1 mukamufunsa moona mtima zimene amafuna mwa mwana watsopano, satchula za A mpaka Z. Zilembo ndi ntchito yake, aphunzitsa yekha. Amafuna mwana wotha kukhala pansi kumvetsera nthano mpaka kumapeto n'kuyankha akafunsidwa kuti kalulu anathawira kuti. Amafuna mwana wotha kudikira mnzake amalize kulankhula, wonena ndi pakamwa kuti m'mimba mukumupweteka m'malo mongolira, wa zala zozolowera kuumba dongo ndi kutola timiyala ta phada kotero kuti pensulo siimuvuta kugwira. Amafuna mwana wodziwa mawu ambiri m'chilankhulo chake, wosaopa kufunsa munthu wamkulu. Zonsezi zimaphunzitsika, ndipo malo ake ndi pamasanje, pozungulira mlezi wokamba nthano, pamzere wosamba m'manja asanalandire phala. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaoneka pa pepala la mayeso la malikisi 100.

Kusamvana kwa mbali ziwirizi kuli ndi mbiri yake. Kuno ku Malawi sukulu zamkaka ndi za pulayimale zinakulira m'nyumba zosiyana. Za mmera mpoyamba zakhala m'manja mwa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo m'maboma amaziyang'anira ndi a ofesi yosamalira anthu. Ndondomeko ya boma yoyamba pa nkhaniyi inatuluka mu 2003, ndipo inaunikidwanso mu 2017. Malo ambiri osamalirako ana m'midzi, amene m'mapepala amatchedwa CBCC, anachuluka m'zaka zimene matenda a Edzi anasiya ana amasiye pafupifupi m'mudzi uliwonse. Amfumu amapereka malo, anthu amaumba njerwa, komiti imalima munda wa chimanga ndi soya wa phala la ana. Alezi ambiri ndi ongodzipereka, ndipo amene anachita mwayi wa maphunziro anaphunzira kwa masabata awiri okha. Cholinga choyamba chinali chakuti mwana adye, atetezeke, asewere ndi anzake pamene akuluakulu ali kumunda kapena kumaliro.

Pulayimale inali ndi mavuto akeake. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo ambiri mwa atsopanowo anadzaza m'makalasi oyambirira. Mpaka lero makalasi amenewo sanapumebe. Amene amakonza silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi anaona vutoli. Silabasi ya PCAR, imene inayamba mu Sitandade 1 m'chaka cha 2007, inapatula teremu yoyamba kuti ikhale yozoloweretsa mwana moyo wa pasukulu, ndi nyimbo, masewera ndi kudziwana, asanayambe maphunziro enieni. Inalinso kulimbikitsa kuti mphunzitsi aziona mmene mwana akuchitira tsiku ndi tsiku m'malo modalira mayeso a kumapeto okha. Ganizo limenelo linali labwino. Koma kumuona mwana aliyense payekha uli ndi ana 120 pansi pa mtengo wa mango ndi ntchito imene imatheka pa pepala. Kenaka kafukufuku wa kawerengedwe anaonetsa kuti ana ambiri a Sitandade 2 samatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la m'nkhani yachidule, ndipo mu 2016 kunabwera National Reading Programme, ndi mabuku atsopano ndi ndondomeko ya phunziro lililonse yolembedwa kale, tsiku ndi tsiku.

Zotsatira zake n'zakuti mlezi ndi mphunzitsi amagwira ntchito pa mwana mmodzi yemweyo koma osadziwana. Pa sukulu imene ndinali, mkombaphala unali pamtunda woti munthu akafuula kumeneko timamva. Alezi ake anali asanaonepo buku la mphunzitsi la Sitandade 1. Ifenso aphunzitsi tinali tisanalowemo m'chisakasa chawo. Misonkhano yathu inali ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni, ndi a PEA, alangizi a sukulu za m'zonimo, yawo inali ndi a ofesi yosamalira anthu. Mlezi amene sanauzidwe zimene pulayimale ikufuna amachita chinthu chimodzi chimene akuchidziwa: amakumbukira mmene iye anaphunzirira ali mwana, n'kuimika ana pamzere kuti azibwereza zimene akunena. Ndiye mumamva tiana ta zaka zitatu tikufuula masiku a sabata ndi miyezi ya chaka m'Chingerezi mmawa wonse. Kuchita choncho si ulesi. Mleziyo akuyesetsa kutumikira sukulu imene sinamuitanepo kuti akambirane.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimafuna kuti aliyense wokonza ndondomeko za maphunziro amuganizire. Kuyambira cha m'ma 2011, akatswiri ogwira ntchito ndi Banki Yaikulu Padziko Lonse anatsatira ana a m'ma CBCC 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay. Malo ena anangolandira zoseweretsa ndi zipangizo, ena alezi awo anaphunzitsidwa, ndipo ena, kuphatikiza pa kuphunzitsa alezi, makolo nawonso amakumana m'magulu kuphunzira mmene angachezere ndi kusewera ndi ana awo kunyumba. Patatha miyezi 18, ana a gulu lomalizali anali patsogolo pa kalankhulidwe ndi pa kakhalidwe ndi anzawo. Patatha miyezi 36, ambiri atalowa pulayimale, kusiyanako kunali kutazilala. Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti ndalama za mkombaphala zimangolowa m'madzi. Ine ndimaziwerenga ndi maso a munthu amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi imene anawo anakalowa. Mwana amene anazolowera kufunsidwa funso n'kumvedwa akafika pamene dzina lake limatchulidwa kamodzi pa tsiku, poitana kaundula, amaphunzira msanga kukhala chete. Zimene anabwera nazo sizipeza pomera.

Maiko olemera anayenda kale njira yotsitsa mayeso kwa ana aang'ono, ndipo n'kwabwino kuona kumene inawafikitsa. Ku America, lamulo la No Child Left Behind litasainidwa mu 2002, sukulu zinayamba kuweruzidwa ndi zotsatira za mayeso a ana kuyambira giredi 3. Mantha a mayesowo anatsikira m'makalasi a m'munsi. Daphna Bassok ndi anzake ku University of Virginia anayerekeza makalasi a ana a zaka zisanu a m'chaka cha 1998 ndi a 2010. Mu 1998, aphunzitsi 31 mwa 100 aliwonse ndiwo amakhulupirira kuti mwana ayenera kudziwa kuwerenga m'kalasi imeneyo. Pofika 2010 anali 80 mwa 100, ndipo nthawi yojambula, yoimba ndi yosewera inali itachepa. Ku Tennessee, akatswiri a ku Vanderbilt University anatsatira ana pafupifupi 3,000 a m'mabanja osauka, ena opeza malo m'sukulu zamkaka za boma, ena osapeza. Oyamba aja analowa sukulu ali patsogolo. Pofika giredi 6, malinga ndi zimene zinasindikizidwa mu 2022, anali m'mbuyo pa mayeso ndipo amalangidwa kawirikawiri kuposa anzawo. Mmodzi wa akatswiriwo, Dale Farran, analoza chala kakonzedwe ka makalasiwo: ana aang'ono kukhazikidwa m'nyumba za pulayimale, kumvetsera mphunzitsi nthawi yaitali, kuloweza zilembo, kuyenda pamzere. Ku Boston kunapezeka zina. Ana amene anadutsa m'sukulu zamkaka za mzindawo sanasiyane ndi anzawo pa mayeso a boma, koma atakula anamaliza sekondale ndi kulowa koleji mochuluka kuposa anzawowo. Phindu linalipo, kungoti mayeso sanathe kuliona.

Anansi athu nawo asankha kubweretsa ana aang'ono pabwalo la pulayimale. Zimbabwe inatsegula makalasi a ECD A ndi ECD B m'sukulu za pulayimale potsatira malangizo a komishoni ya Nziramasanga ya 1999. Zambia inasamutsira maphunziro a ana aang'ono ku unduna wa zamaphunziro. South Africa ili ndi Grade R, ndipo mu 2022 inachotsa ntchito yonse ya mmera mpoyamba ku dipatimenti yosamalira anthu n'kuipereka ku ya maphunziro. Kunonso nkhani ya kalasi yokonzekera Sitandade 1 ili mkamwamkamwa. Sindikuikana. Ingafikire ana ambiri amene lero alibe kopita, ingachotsenso tiana ta zaka zinayi timene timadzaza Sitandade 1 n'kumabwereza. Koma kusamutsa mwana kuchoka m'chisakasa kupita pabwalo la sukulu sikulumikiza kanthu pakokha. Ngati kalasiyo idzatengere belu, ndodo, bolodi ndi mayeso a teremu, tidzangokhala tawonjezera Sitandade ina pansi pa Sitandade 1.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo imandiwawa kwambiri. Sukulu yamkaka imayesedwa yapamwamba ngati mwana akubwerako akulankhula Chingerezi, ndipo pena ana amaletsedwa kulankhula Chichewa pabwalo. Koma mwana akalowa Sitandade 1 pa sukulu ya boma amayamba kuwerenga ndi maphatikizo a Chichewa, ba be bi bo bu, ndipo chimene chimamunyamula ndi kuchuluka kwa mawu amene ali nawo kale m'mutu. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, mwayi umene mwana wa ku England alibe. Mwana wodziwa mayina a mitengo, a mbalame, a ziwiya za kukhitchini, wotha kufotokoza mmene anagwera panjinga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akangodziwa kulumikiza maphatikizo amayamba kumva zimene akuwerenga. Amene wathera zaka ziwiri kuloweza mawu achilendo osadziwa tanthauzo lake wataya nthawi imene akanakulitsa chilankhulo chimene amaganizira. Chingerezi adzachifuna, ndipo nyimbo ndi moni wa Chingerezi sizimupweteka. Koma maziko ake ndi chilankhulo cha kwawo. Ku Mangochi, ku Rumphi kapena ku Nsanje nkhaniyi ndi yolemera koposa, chifukwa mwana wolankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena amakumana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi. Mlezi wa m'mudzi mwake ndiye munthu yekhayo amene angayambe naye m'chilankhulo chake n'kumamulowetsa pang'onopang'ono m'Chichewa chimene akachipeze m'buku. Ntchito imeneyi alezi ambiri amaigwira osadziwa kuti ndi yamtengo wapatali, ndipo palibe mayeso amene amaiwerengera.

Wina anganene kuti ndikukana kuyeza ana. Ayi. Mwana ayenera kuyezedwa, ndipo tili nacho kale chitsanzo cha kayezedwe kabwino chimene mayi aliyense amachidziwa. Ku sikelo, alangizi a zaumoyo amapachika mwana pa sikelo mwezi ndi mwezi n'kulemba kadontho m'buku lake. Palibe amene amaimirira kulengeza kuti mwana wa uje wakhala nambala wani pa kulemera. Chimene amayang'ana ndi mzere wa mwanayo, ngati ukukwera kapena waima. Ukaima, amafunsa amayi zimene mwana akudya, amapereka uphungu, pena chiponde, pena kalata ya kuchipatala. Kuyezako kumabala chochita, ndipo bukulo limayenda ndi mwana kulikonse kumene apite. Kuyeza kwa ku mkombaphala kuyenera kukhala kotero. Mlezi aone mwana akusewera, alembe kapena achonge zochepa: amayankha akaitanidwa chakumbuyo, amatha kubwereza nthano, amawerenga timiyala mpaka pati, amasewera ndi anzake kapena amakhala payekha, amagwiritsa dzanja liti. Aonenso pakapita miyezi itatu. Mwanayo asadziwe n'komwe kuti akuyezedwa.

Kuyeza kotere kumagwira zinthu zimene malikisi amabisa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Ena anadwalapo malungo aakulu n'kutsala ndi vuto la kumva kapena kukomoka. Ena makutu amatuluka mafinya, ena saona bwino patali. Mwana wotere akalowa m'kalasi yodzaza amakankhidwira kumbuyo, samva zimene aphunzitsi akunena, amalephera mayeso a teremu, amabwereza, amatchedwa mbuli, ndipo pofika Sitandade 3 wasiya. Pepala la mayeso limangoti walephera. Mlezi amene wakhala naye zaka ziwiri amadziwa kuti khutu lakumanzere silimva, kuti amayi ake anamwalira chaka chatha, kuti amachita chibwibwi akakalipiridwa koma amaimba bwinobwino. Nzeru imeneyi imathera pakhomo la chisakasa tsiku limene mwana watsanzika.

Chaka china ahedi athu anavomera kuti tiitane alezi a m'midzi yozungulira sukulu isanatsegulidwe. Anabwera amayi atatu ndi bambo mmodzi, atavala ngati akupita kutchalitchi, ndipo poyamba anakhala kumapeto kwa benchi ngati anthu oitanidwa ku mlandu. Titayamba kutchula mayina a ana, manyazi anatha. "Uyu, madamu, mumukhazike kutsogolo, maso ake ndi ovuta." "Awa awiri musawalekanitse sabata yoyamba, wamng'onoyu salankhula popanda mnzakeyu." "Uyu ndi wamanzere, kwawo amamumenya kuti asinthe, inu musamukakamize." Mayi wina anatiphunzitsa nyimbo imene amaimba posonkhanitsa ana, ndipo tsiku lotsegulira nditaiyamba, ana amene amalira anatembenuka, ena n'kuyamba kuvomera. Ifenso tinawaonetsa buku la teremu yoyamba. Bambo uja analitsegulatsegula, kenaka anati, "Ndiye kuti zoloweza zija sizofunika? Ife timayesa mukatiseka tikakutumizirani ana osadziwa miyezi m'Chingerezi." Msonkhanowo sunadye ndalama ya boma ngakhale tambala, kupatula tiyi amene tinasonkherana. Chaka chotsatira ahedi anasamutsidwa, ndipo sunachitikenso, chifukwa panalibe lamulo lonena kuti uzichitika.

Sindikufuna kukometsera zinthu. Kunena kuti ana azisewera n'kosavuta, ndipo m'malo ambiri mawu amenewa asanduka chophimbira umphawi: ana 60 akuthamangathamanga pafumbi, mlezi mmodzi watopa, phala latha mu Janyuwale, malowo atsekedwa mpaka anthu akolole. Mwana wa munthu wosauka ndiye amafunika kwambiri malo okhala ndi cholinga, chifukwa kwawo kulibe buku. Choncho miyezo ikufunika. Payenera kukhala mgwirizano wa zimene mwana wa zaka zitatu, zinayi ndi zisanu angathe, ndipo boma linalemba kale miyezo yotere ya kakulidwe ndi kaphunziridwe ka ana aang'ono. Vuto n'lakuti amene analemba miyezoyo ndi amene analemba silabasi ya Sitandade 1 ayenera kukhala pa tebulo limodzi, kuti pamene wina wathera mnzake ayambire pomwepo, ndipo zimene agwirizanazo zifike m'manja mwa mlezi m'chilankhulo chimene amawerenga. Kuphunzitsa kudzera m'masewera ndi luso lovuta kuposa kulemba pa bolodi. Kutenga masanje n'kulowetsamo kuwerenga mbale, kugawa ndiwo mofanana ndi kufotokoza zimene waphika kumafuna munthu wophunzitsidwa bwino. Sitingapemphe luso limeneli, ndi kaundula wa mwana aliyense pamwamba pake, kwa mayi amene akugwira ntchito ulere, amene mawa lake ayenera kukagwira ganyu kuti ana ake adye. Boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, koma ambiri sanafikiridwe. Alezi ophunzitsidwa amachoka akapeza china chochita, ndipo wolowa m'malo amayambanso kuloweza miyezi.

Mbali yaikulu ya kusinthaku, komabe, ili kwa ife a pulayimale. Timakonda kufunsa ngati mwana wakonzeka kubwera kusukulu, koma sitidzifunsa ngati sukulu yakonzeka kumulandira. Pitani pa sukulu zambiri muone kagawidwe ka zinthu. Sitandade 8 ili ndi chipinda chabwino, madesiki, ndi aphunzitsi angapo osinthana maphunziro, chifukwa dzina la sukulu limamveka tsiku limene zotsatira za MANEB zatuluka. Sitandade 1 ili panja kapena m'chipinda chong'ambika pansi, ndi mphunzitsi mmodzi, kawirikawiri amene wangofika kumene kuchokera ku koleji kapena amene ena akumuona ngati watopa. Kupatsidwa Sitandade 1 ena amakuyesa chilango. Tsiku lotsekera, ana onse amasonkhana pabwalo ndi makolo, mayina amaitanidwa kuyambira nambala wani, okhoza amaomberedwa m'manja, ndipo otsala amapita kwawo anzawo akuwakuwiza m'njira. Mwana wa zaka 6 sasiyanitsa kulephera mayeso ndi kukhala munthu wolephera. Sitandade 1 ndi imodzi mwa makalasi amene ana amabwereza kwambiri, ndipo obwerezawo ndiwo amadzazitsa kalasi ya chaka chotsatira, kotero kuti atsopano amapeza malo atatha kale. Mwambo woitana manambala m'makalasi a ana aang'ono ukanatha mawa lomwe, palibe chimene maphunziro akanataya.

Pali zinthu zofuna ndalama zambiri: zipinda, aphunzitsi owonjezera, malipiro a alezi, phala losadukiza. Zimenezo tizimenyera ku Nyumba ya Malamulo nthawi ya bajeti. Koma pali zina zimene zili m'manja mwa ahedi, komiti ya sukulu ndi a PEA chaka chino. Angathe kupereka chipinda chabwino kwa ana aang'ono, akuluakulu a Sitandade 7 n'kuphunzirira pamthunzi. Angathe kuika mphunzitsi waluso ndi woleza mtima ku Sitandade 1 n'kumulemekeza pamaso pa anzake. Angathe kulola mkeka, dongo, timitengo ndi zitsekerero kukhala m'kalasi chaka chonse, osati teremu yoyamba yokha. Angathe kuika pa kalendala ya zoni tsiku limene alezi ndi aphunzitsi azikumana, ndi tsiku lina limene ana a mkombaphala azibwera kudzaona kalasi yawo, chimbudzi chake ndi mjigo wake, asanayambe. Ndipo kalasi yokonzekera ija ikamafika pa sukulu yathu, makolo tifunse mafunso awa pa msonkhano wa PTA: adzaphunzitsa ndani, waphunzitsidwa kwa nthawi yaitali bwanji za ana aang'ono, ana adzakhala angati m'chipindamo, adzalankhula chilankhulo chanji, ndipo alezi amene alera ana a mudzi uno zaka zonsezi popanda malipiro malo awo adzakhala pati.